Mmene ndinasandukira a King James

Mukadzafika kudera kwathu n'kumva ana akukuwa kuti “a King James akudutsa!”, musadzavutike kusuzumira kuti muone mzungu kapena chimunthu chachitali. Ndine amene. Msinkhu wanga ndi woti ndikafuna kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu ndimayamba ndafunafuna mpando. Dzinali silinachokere kwa makolo. Ndinachita kudzitengera ndekha dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mpingo wonse, Lamulungu la pa 29 October 2017.

Gwero la zonsezi ndi foni. Chaka chimenecho alamu anga a ku Joni ananditumizira foni yamakono, ija yongoseweretsa ndi chala. Inabwera ili ndi mng'alu pagalasi, wochokera pakona kutsikira mmunsi, moti theka la sikirini limaoneka ngati mukuyang'ana m'madzi a m'chithaphwi, koma ine sindinasamale. Pasanathe mwezi ndinasanduka munthu wofunsidwa. Mtengo wa fetereza, zigoli za ku England, tsiku lobwera mvula, zonse ankafunsa ine. Ndisaname, zinkandikomera. Ndinayamba kuyankhula ndi mawu akuti “malinga ndi kafukufuku amene ndachita”, chonsecho kafukufukuyo ndi wa mphindi ziwiri ndili pamzere wa kuchigayo.

Ndiye abusa athu atalengeza kuti kumapeto kwa October tidzakumbukira kuti patha zaka 500 chiyambireni pamene Martin Luther anayamba ntchito yokonzanso mpingo, makosi onse a m'chipinda cha akulu ampingo anapotolokera kwa ine.

“Bambo, inu mumayenda ndi intaneti m'thumba,” anatero abusa. “Mudzatiuze mbiri ya munthu ameneyu, mphindi makumi awiri basi, ine ndisanalalikire. Achinyamata abwereka pulojekita, ndiye mudzationetsenso zithunzi.”

“Musadandaule, Abusa. Imeneyo ndi ntchito yochepa.”

Anandipatsa masabata atatu. Sabata yoyamba ndinatanganidwa ndi kuuza anthu kuti ndidzayankhula. Yachiwiri ndinatanganidwa ndi telala, chifukwa jekete langa la paukwati linali litayamba kukana mabatani. Yachitatu sindikudziwa inapita kuti. Ndinadzidzimuka kuli Loweruka usiku, nsima titadya, papepala palibe ngakhale dontho la inki.

Amene analipo mu 2017 akukumbukira mmene magetsi ankachitira. Tsiku limenelo anali atazima m'bandakucha. Batire ya foni inali pa 14 peresenti, bandulo inali ya tsiku limodzi ndipo ndinali nditaidya kale theka poonera mavidiyo a mbuzi zogundana.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, nthawi imeneyo anali Fomu 3. Anandiona ndikuyatsa kandulo, nati, “Adadi, za Martin Luther tinaphunzirako. Ndikubwerekeni kope langa?”

“Mwana wanga, kope lakolo ndi la mayeso. Ine ndikufuna zakuya.”

Mayi a kunyumba anali akutsuka mbale pakhonde. Sanatembenuke n'komwe. “Safunsa anadya phula, bambo.”

“Ndikufunsatu ine. Ndikufunsa intaneti.”

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Chizungu changa ndi cha Fomu 2 ya kalekale, koma ndinkatola. Munthuyu anabadwa mu 1483 m'tauni ya Eisleben ku Germany. Anali wansembe komanso mphunzitsi pa yunivesite ya Wittenberg. Chinamuwawa n'chakuti kunkagulitsidwa zikalata zoti munthu akalipira ndalama, chilango cha machimo ake chichepe, ndipo zina mwa ndalamazo zinkapita kukamangira tchalitchi chachikulu cha St Peter ku Rome. Pa 31 October 1517 anatulutsa mfundo 95 zotsutsa malondawo, zomwe akuti anazikhomera pachitseko cha tchalitchi. Mu 1521 Papa Leo X anamuchotsa mumpingo. Ndinalemba zonsezo mothamanga, sera ya kandulo ikudonthera papepala.

Kenako ndinapunthwa pa mawu atatu: Diet of Worms. Awa sindinafune kufunsa munthu, ndimawadziwa. Liwu loyamba adokotala anandiuzapo pamene anandiletsa mchere ndi nyama yamafuta, ndiye ndi nkhani ya zakudya. Lomalizalo mwana aliyense wa Sitandade 4 amalidziwa, ndi nyongolotsi. Ndinagwira pakamwa. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: ANAMUDYETSA NYONGOLOTSI, 1521. Ndinadula mzere kunsi kwake kawiri.

Pamenepo netiweki inathawa.

Ndinatuluka panja, ndinakwera pamulu wa njerwa, mkono m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti. Itabwerera, tsamba lija linali litatsekeka. Ndinayambanso kulemba dzina, ndipo ndisanamalize, foni inandithandiza mwaulemu, n'kundimalizira yokha: Martin Luther King Jr. Ndinaganiza mofulumira, paja ndine wa kafukufuku. King ndi mfumu. Ndiye kuti munthuyu, atavutika chonchija, anthu anadzamulonga ufumu. Zimachitika, ngakhale kwathu aphunzitsi opuma amalowa ufumu. Tizilembo tiwiri takumapeto ndinatiyesa digiri.

Tsamba latsopanoli linali lokoma kuposa loyamba. Linatsegula ndi chithunzi, ndipo nditachiona mtima unadumpha. Munthu wakuda! Wovala suti, tayi, ndevu zapamlomo zometedwa bwino, nkhope ngati ya malume anga a ku Ntcheu. Zaka zonsezi ndikupemphera, palibe anandiuzapo kuti woyambitsa zonsezi anali mnzathu. Nditaona kuti tsiku lake lobadwa ndi 15 January, tsiku lomwe ife timakumbukira a Chilembwe, ndinati basi, ichi ndi chizindikiro. Chaka chimene chinalembedwa pambali pake chinagwera pa mng'alu uja.

Kunena chilungamo, panali malo amodzi pamene chikumbumtima chinandigogoda. Tsamba loyamba linati mkazi wake anali Katharina von Bora, yemwe kale anali sisitere, ndipo anabereka naye ana asanu ndi mmodzi. Lachiwiri linati mkazi wake anali Coretta Scott, ana anayi. Ndinawerenga ndi zala: akazi awiri, ana khumi. Ndinakhala kaye chete. Kenako ndinaganiza kuti si bwino kuyalutsa munthu wa Mulungu pa tsiku la chikondwerero chake, pamaso pa amayi a Mvano. Ndinamusungira chinsinsi. Mpaka lero ndimaona kuti pamenepo ndinaonetsa kukhwima.

Batire ili pa 3 peresenti, ndinakumbukira kuti ndikufuna kumaliza ndi nkhani yomasulira Baibulo: Luther anamasulira m'Chijeremani, kenako kunabwera la Chingerezi la King James, kenako lathu la Chichewa mu 1922. Ndinalemba “King James”, n'kudina pa zithunzi. Kumtunda kwa sikirini, kumene galasi linali labwino, kunatuluka mutu wa munthu wandevu zambiri, wakudanso, atavala chisoti chachifumu chagolide. Kuyambira m'khosi kutsika mmunsi kunali m'chithaphwi muja. Ndinati, “Ambuye, uyunso?” Ndinasunga chithunzicho, foni n'kuzima.

Ndinagona tulo ta munthu amene wafukula chinsinsi cha zaka 500.

Mmawa mnyamata wa pulojekita anatenga foni, naitchaja pa jenereta, nasamutsa zithunzi ziwirizo osaziyang'ana, chifukwa nayenso anali pa mpanipani wa zingwe. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anakhala pamawindo. Kwaya itatha, mlembi anandiitana ndi maudindo omwe ndilibe. Ndinakwera kutsogolo, batani limodzi la jekete likugwira ntchito ya anzake atatu.

Ndinayamba bwino, ndipo ichi ndimafuna anthu azichikumbukiranso. Za Eisleben, za Wittenberg, za mfundo 95, zonse zinatuluka mwadongosolo. Nditafika pa zogulitsa zikalata pofuna kumangira tchalitchi, asungichuma athu anatsokomola, chifukwa mwezi womwewo tinali pa kalikiliki wa zopereka za malata. Anthu anaseka pang'ono. Ndinamva kukoma. Ndinasiya kuyang'ana pepala.

“Abale ndi alongo,” ndinatsitsa mawu, “munthu ameneyu anazunzika. Atakana kubweza mawu ake pamaso pa mfumu yaikulu Charles, mukudziwa chimene anamuchita? Anamuika pa chakudya cha nyongolotsi.”

Amayi ena kumbuyo anati, “Mayo ine!”

“Osati mphalabungu zokazinga bwino ndi tomato ayi. Osati matondo. Nyongolotsi zenizeni, za pansi pa mtsuko. Mmawa nyongolotsi, masana nyongolotsi. Inu mukangodya nyemba masiku atatu otsatizana mwayamba kale kufunsa ngati Mulungu aliko!”

“Ameni!”

Ndinayang'ana kumene kunakhala abusa. Anali ataweramitsa mutu, dzanja lili pachipumi. Ndinati mumtima, mawu awakhudza.

Ndinamupititsa ku Wartburg, kunyumba ya malinga kumene anabisala n'kumasulira Chipangano Chatsopano m'masabata pafupifupi khumi ndi imodzi okha. Kenako, popanda sitima kapena pasipoti, ndinamuwolotsa nyanja.

“Atamaliza ntchito ku Germany, anamva kulira kwa abale ake ku America. Anapita. Onetsa chithunzi, mwana wanga.”

Pakhoma panaoneka bambo uja wa suti. Tchalitchi chonse chinati zii.

“Mwaona? Anatibisira! Zaka 500 akutibisira!”

Nthungululu inalira. Agogo ena aamuna anaimirira n'kuloza khoma ndi ndodo yawo, akugwedeza mutu ngati akumana ndi m'bale wotayika. Pa benchi yachitatu, ahedi opuma a pasukulu ya pulayimale yakwathu anakweza dzanja. Ndinawaona, koma ndinayesa akulemekeza.

Za ku Montgomery ndiye zinawafika anthu pamtima kuposa china chilichonse. Ndinafotokoza za mayi Rosa Parks, amene mu December 1955 anakana kupatsa mzungu mpando wake m'basi, n'kumangidwa. Ndinati anthu akuda a mumzindawo anagwirizana zosiya kukwera mabasi, ndipo anayenda wapansi masiku 381 mpaka lamulo la tsankho m'mabasimo linagwa. Kwa anthu amene tsiku ndi tsiku amapanikizidwa anayianayi m'minibasi, chenji n'kuiwalika dala, imeneyi inali nkhani ya kumwamba. Bambo wina anakuwa kuti, “Tiyambe mawa!” Ndinapitiriza za mu August 1963, pamene anthu pafupifupi 250,000 anasonkhana ku Washington kudzamumva akunena za loto lake loti ana ake adzaweruzidwe ndi khalidwe lawo, osati khungu. Ndinamufanizira ndi Yosefe. Ndinatchula mphoto ya Nobel ya mu 1964. Ndinamaliza ndi mawu onjenjemera kuti anamuwombera ku Memphis pa 4 April 1968.

Dzanja la ahedi linali likadali m'mwamba. Tsopano anali atalichirikiza ndi linzake.

Ndikanakhala pansi pamenepo, mwina bwenzi nkhaniyi itathera m'chipinda cha akulu ampingo. Koma ndinali ndi chinsinsi chachiwiri, ndipo chinkandiyabwa.

“Pomaliza, abale. Ambiri muli ndi Baibulo la Chingerezi lolembedwa King James pachikuto. Munayamba mwamuonapo mwini wakeyo? Lero mumuona. Onetsa.”

Ine ndinali nditafulatira khoma, ndikuyang'ana anthu, kudikira nthungululu yachiwiri. Chimene ndinaona ndi mabenchi a achinyamata akuphulika. Anyamata anaimirira, ena kugwa pansi, ena kumenya benchi ndi manja, onse akukuwa dzina limodzi: “LeBron! LeBron!”

Ndinacheuka.

Chisoti chinalipo ndithu, chochita kuikidwa ndi kompyuta. Ndevu zinalipo. Koma kunsi kwa khosi, kumene foni yanga inandibisira, kunali chimunthu chovala vesiti yofiirira yolembedwa 23, mikono ngati mitsi iwiri, yodzaza ndi zojambula mpaka m'mapewa, mpira wa basketball uli m'dzanja limodzi ngati lalanje, kukamwa kuli yasa. Pulojekita inamukuza mpaka mutu unakafika ku malata.

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinagwira maikolofoni ndi manja awiri n'kunena kuti, “Monga mukuonera, inali mfumu yokonda masewero olimbitsa thupi.”

Mtsikana wina wa kwaya anachita kutuluka naye panja, mpweya utamuthera.

Apa ahedi sanadikirenso kulozedwa. Anaimirira pang'onopang'ono, navula magalasi, nawapukuta ndi tayi. Anthu amene anaphunzitsidwa ndi bambo amenewa, omwe ndi theka la mpingo, anangoti chete mwachizolowezi.

“Pepani Abusa, pepani mpingo. Ndili ndi kafunso kamodzi ka samu kwa bambo athuwa. Mwati munthuyu anabadwa chaka chanji?”

“1483, Ahedi.”

“Namwalira?”

“1968.”

“Chotsani.”

Ndinachotsa. Ndinabwereka ku teni monga anandiphunzitsira iwo omwe. Milomo yanga inkayenda, mpingo wonse ukundithandiza monong'ona.

“485,” anatero mwana wina wa Sande sukulu.

Thukuta linali chuchuchu kutsikira m'kolala. Ndinayang'ana kwa mayi a kunyumba. Anali akuwerenga buku la nyimbo mwachidwi chachikulu, litazondoka. Mwana wanga anali atalowetsa mutu m'chikwama. Ndinatsala ndekha ndi Malemba.

“Ahedi,” ndinatero, “Metusela anakhala zaka 969.”

Abusa anayambitsa nyimbo. Sanatchule nambala, sanadikire wa kiyibodi, anangoiyamba pakati, mokweza kwambiri, misozi ikutsika m'masaya. Mpaka lero amati inali misozi ya chisoni, koma mapewa awo ndinawaona.

Nyimbo itatha, abusa anapempha ahedi kuti “awonjezere pang'ono pa zimene bambo atiuza”. Kuwonjezerako kunatenga mphindi makumi atatu, ndipo ine ndinamvera ndili chiimire chifukwa palibe anandiuza kuti ndikhale. Anati Martin Luther wa ku Germany anali mzungu wonenepa bwino, ndipo anamwalira mu 1546 ku Eisleben komwe anabadwira, osaiona America. Worms ndi mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, ndipo Diet unali msonkhano wa akuluakulu a ufumuwo. Palibe anadya nyongolotsi. Amayi aja anati “mayo ine” anandiyang'ana ngati ndawabera chisoni chawo.

Kenako ananena chinthu chimene chinandipatsa kampweya. Anati mayinawa sanafanane mwangozi. Wa ku America anabadwa mu 1929 ku Atlanta, ndipo dzina lake loyamba linali Michael King, ngati bambo ake, omwe anali m'busa wa Baptist. Mu 1934 bambowo anapita ku Germany kumsonkhano wa mipingo ya Baptist, ndipo atabwerako anayamba kudzitchula Martin Luther King, mwananso n'kumusintha chimodzimodzi. Tizilembo tija ndinatiyesa digiri timangotanthauza kuti wamng'ono, kusiyanitsa ndi bambo ake.

“Ndiye kuti ubale ulipo ndithu,” ndinayankhulira pa maikolofoni.

“Khalani pansi, bambo,” anatero abusa.

Za King James anati inali mfumu ya ku Scotland imene inadzalamuliranso England kuyambira 1603. Siinamasulire Baibulo ndi dzanja lake, inangolamula, ntchito n'kugwiridwa ndi akatswiri oposa 40, ndipo linatuluka mu 1611. “Koma uyu wa vesitiyu,” anatero ahedi akuloza khoma, pakuti mnyamata wa pulojekita anali atakana kumuchotsa, “ine sindikumudziwa.”

Kunali kulakwitsa kunena zimenezo. Wapampando wa achinyamata, mnyamata amene chaka chonse sanatsegulepo pakamwa pa phunziro la Baibulo, anathamangira kutsogolo. Anafotokoza mosapumira kuti ameneyu ndi LeBron James wa ku Akron, Ohio, wobadwa mu 1984, wamtali kupitirira mamita awiri, ndipo King James ndi dzina lomutamanda nalo. Anatenga zikho ziwiri ndi Miami Heat, nabwerera kwawo ku Cleveland Cavaliers, ndipo mu 2016 anali atagonja masewero atatu n'kupambana amodzi okha pamaso pa Golden State Warriors, koma anatembenuza zinthu mpaka kutenga chikho. “Osataya mtima, abale!” anamaliza motero. Anthu anaombera m'manja. Akulu ampingo ena anati umenewo ndiye unali uthenga wa tsikulo.

Potuluka, palibe anandinyoza maso ndi maso. Anthu akwathu ndi aulemu. Ankangondigwira chanza nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera. Agogo a ndodo aja okha ndi amene anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, “Ine ndakhulupirira zanu zija. Ahediwa anaphunzitsidwa ndi azungu.”

Kunyumba tinayenda mwakachetechete. Nsima itabwera, ndinavundukula mbale ya ndiwo n'kupeza mphalabungu. Mayi a kunyumba amalumbira kuti anagula Lachisanu, nkhani isanachitike. N'kutheka. Koma sanafunikire kunena kuti, “Idyani, bambo, muli pa Diet.”

Dzina lija linayamba Lolemba lake. Anayambitsa ndi makondakitala a pasiteji, ana n'kulitola. Poyamba ndinkakwiya, kenako ndinatopa. LeBron atasamukira ku Los Angeles Lakers mu 2018, anthu ankandifunsa ngati ndasamuka nawo. Mu February 2023, ataposa Kareem Abdul-Jabbar n'kukhala wogoletsa mapointi ambiri m'mbiri ya NBA, ligi ya basketball ya ku America, ndinalandira mauthenga ondiyamikira okwana khumi ndi anayi, umodzi wochokera kwa abusa.

Chaka chatha abusa omwewo anandiyandikira titaweruka. Anati nthawi yapita, mabala apola, ndipo ndi bwino munthu kupatsidwa mwayi wachiwiri. Mpingo wathu unachokera ku mbewu ya John Calvin wa ku Geneva ndi John Knox wa ku Scotland, ndiye mwina ndingakonze kamphindi khumi kokha za mmodzi wa iwo.

Ndinavomera. Madzulo ake ndinakhala patebulo, magetsi akuyaka, foni yatsopano yopanda mng'alu, batire yodzaza. Ndinali nditangolemba “John” pamene dzanja linatulukira paphewa panga n'kuilanda foniyo. Anali mwana wanga uja, amene tsopano ndi mphunzitsi. Anaika patebulo kope lakale la Fomu 3, lachikuto chong'ambika, nalitsegula pa tsamba loyenera.

“Adadi,” anatero, “tigwirizane kaye chinthu chimodzi musanayambe. John Cena si m'busa.”